Nkhoswe wa ku Evington

Ife Amalawi a ku Leicester tili ndi lamulo limodzi lomwe sitinachite kukhalirana pansi kuti tilipange, koma timalisunga kuposa malamulo khumi aja: mnzako sumufunsa ntchito imene amagwira. Ungamufunse za ana, za matenda a shuga, za mvula ya kumudzi, ngakhale za mkazi amene anamusiya ku Ndirande. Za ntchito ayi. Amene anali mphunzitsi wamkulu ku Dedza kuno akusambitsa nkhalamba, amene ankachita kutseguliridwa chitseko cha galimoto ku Lilongwe akunyamula makatoni, ndipo wina akugwira ntchito pa dzina la msuweni wake. Ndiye tikakumana timangoti, "Mashifiti akuyenda?" Winayo n'kuti, "Akuyenda." Nkhani n'kuthera pomwepo, aliyense n'kubwerera kwawo ndi ulemu wake.

N'chifukwa chake palibe ankadziwa chenicheni chomwe bambo Willie Thombozi ankachita. Tinkangoona kuti amamanga tayi pakati pa sabata, ali ndi nyumba yawoyawo ku Evington, ya kapinga kutsogolo, ndipo nthawi zina amasowa kutchalitchi chifukwa ati ali ku msonkhano ku Scotland. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa imvi zoyamba kumene, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Pa maliro ankafika oyamba, pa ukwati ankachoka omaliza.

Amene anaswa lamulo lathu anali mayi Marjorie a ku Braunstone, ndipo analiswa chifukwa cha chimwemwe. Mayiwa ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndi msana wawo womwewo analera Atuweni, mwana wamkazi wa malemu mkulu wawo, yemwe anamutenga ku Domasi ali wamng'ono. Atuweni atafika posankha maphunziro a ku yunivesite anasankha za nyanja. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Za nyanja, ku Leicester, kumene madzi aakulu ndi kamtsinje komwe ana amaponyamo matrole a m'sitolo? Aliyense anapereka malangizo aulere, kuti achite unamwino ngati anzake. Mwanayo ankangotiyang'ana, kenako n'kubwerera ku mabuku ake.

Mu 2017 anapeza ntchito ku ofesi ina ya boma, yoyendera pa sitima yapamtunda tsiku ndi tsiku. Kum'mawa kwa England kuli nyanja yomwe pansi pake amapopapo gasi ndi mafuta. Kampani ikafuna kuboola, kuphulitsa kapena kuzula chinthu m'nyanjamo imayenera kupempha chilolezo, ndipo chilolezocho sichituluka mpaka anthu ngati Atuweni atanena ngati zamoyo za m'madzimo zivulala kapena ayi.

Lamulungu lina la mu Juni, chaka chotsatira, itakwana nthawi ya maumboni, mayi Marjorie analanda maikolofoni.

"Mwana amene munkamuseka uja," anatero, "lero makampani a gasi akamva dzina lake amatuluka thukuta. Panopa pali ina imene waiimitsa. Ati isakhudze paipi yake mpaka akatumbu atamaliza kuswa. Mwana wa ku Braunstone. Ndiye ndati ndisakhale chete, ndimuyamike Yehova."

Tinawomba m'manja, ena tikuseka za akatumbuzo. Atuweni anaweramitsa mutu, manyazi atamugwira. A Thombozi anali kutsogolo pa mipando ya akulu a mpingo, ndipo anawomba nawo m'manja.

Nkhani ya paipiyo sinali yachinsinsi, inali pa intaneti kwa aliyense wofuna kuwerenga, kungoti ndani wa ife amawerenga za akatumbu. Kampani ina inali itapopa gasi mpaka zitsime zake kuuma, ndipo lamulo limati zomwe unaika m'nyanja uzichotse. Paipi yake yakale inkatulukira kumtunda pa gombe lina la ku Lincolnshire, pafupi ndi mchenga umene akatumbu a m'nyanja amaswerapo. Si akatumbu athu a m'mitsinje aja ayi. Awa ndi zinyama zonenepa ngati thumba la chimanga, zoyenda chokwawa, zomwe zimatuluka m'madzi mu Novembala ndi Disembala kudzaswa ndi kuyamwitsa. Kampaniyo inkafuna kudula paipi m'miyezi yomweyo, chifukwa nthawi yozizira sitima yaikulu yogwirira ntchitoyo imapezeka mosavuta.

Yankho la Atuweni linali limodzi: dikirani mpaka Malichi. Katumbu woyamwitsa akadzidzimuka ndi phokoso amathawira m'madzi, ndipo kawirikawiri sabwereranso. Mwana wake sadziwa kusambira, amangokhala pamchengapo kulira mpaka njala itamumaliza. Atuweni anazionapo ndi maso ake ali pasukulu, ndipo sankafuna kuti dzina lake likhale pansi pa chilolezo chobweretsa zimenezo.

Kampaniyo sinakwiye. Makampani oterewa sakwiya, amakambirana. Ankabwera ku ofesi ndi akatswiri awo, mapu awo ndi kumwetulira kwawo, n'kumumvetsera Atuweni mwaulemu, n'kuthokoza, n'kupita. Pakapita masabata angapo ankabweranso ndi mfundo yomwe ija ataiveka malaya ena. Atuweni ankaivula malayawo pamaso pawo, n'kubwereza kuti Malichi. Bwana wake, mayi wina wachizungu dzina lake Elizabeth, ankamuikira kumbuyo.

Chaka chomwecho Atuweni anali pa chibwenzi cholimba ndi Jeremy, Mmalawi mnzathu, namwino wa ku Nottingham, yemwe ankachita lendi kachipinda ku Hyson Green. Chinkhoswe anachiika mu Ogasiti. Amalume ake a Atuweni a ku Domasi, omwe ankayenera kudzaima ngati nkhoswe, anagulitsa mbuzi, anajambulitsa zithunzi, anasoketsa suti, koma viza anawakaniza. Mayi Marjorie analira kukhitchini ngati kwagwa maliro. Kumbali ya mwamuna kunali abale odzaza minibasi, kumbali yawo kunali iwo okha ndi mwana wamasiye.

Loweruka lina masana galimoto ya a Thombozi inaima pakhomo ku Braunstone. Analowa atanyamula kathumba ka mpunga wa kumudzi, anakhala pa sofa, anafunsa za miyendo ya mayi Marjorie, kenako anatsokomola pang'ono.

"Mayi, ndamva kuti achimwene awakaniza viza."

"Awakaniza, bambo. Mutu wanga waima."

"Mwana uyu wakulira m'maso mwathu. Si bwino alowe m'banja ngati alibe anthu, ife tilipo. Ngati simundikayikira, ine ndikhoza kuima."

Mayi Marjorie anatsika pampando n'kugwada pa kapeti. Atuweni, yemwe ankabwera ndi tiyi, misozi inalengeza m'maso. Anawaimbira amalume a ku Domasi pa foni nthawi yomweyo, ndipo mkuluyo, mawu akudukaduka, anati, "Achimwene, mukhale maso anga, mukhale pakamwa panga. Mwanayo ndamuika m'manja mwanu."

Kodi munthu wamkulu wabwera kudzakuchotsani manyazi, inu mungayambe kumufunsa kuti, "Pepani bambo, kodi paja mumagwira kuti?" Palibe mwana woleredwa bwino angatero. Atuweni sanafunse, ndipo maganizo ofunsawo sanamufikire n'komwe.

Chinkhoswe chinachitikira mu holo ya sukulu. Nkhuku zamoyo kuno salola kulowa nazo m'holo, choncho Jeremy anakagula nkhuku zolimba zija ku sitolo ya Afirika ku Hyson Green, azimayi n'kuzikazinga zathunthu. Ina inali tambala, ina thadzi, malinga ndi mmene anatiuzira, ngakhale zitakazingidwa palibe akanatha kusiyanitsa. A Thombozi analandira tambalayo ndi manja awiri, anabenthula mwendo, anadya pamodzi ndi nkhoswe wa kuchimuna, kenako anapukuta zala n'kutenga maikolofoni.

"Kuyambira lero, mwana uyu akalira, ndimva ndine. Akadwala, foni yoyamba ibwere kwa ine. Akayambana ndi mwamuna wake, asathamangire kwina, khomo langa ku Evington amalidziwa."

Azimayi anaimba nthungululu. Zithunzi zinadzaza pa intaneti tsiku lomwelo. Ndipo tinene zoona, unkhoswewo anauyendetsa bwino kwambiri, mwina kuposa mmene akanachitira mkulu wa ku Domasi uja. Kuyambira tsikulo Atuweni anayamba kuwatchula kuti Ankolo.

Msonkhano womaliza wa nkhani ya paipi unali mu Sepitembala. Atuweni analowa m'chipinda cha misonkhano atakonzeka, mapepala ake ali m'manja, mtima uli m'malo. Elizabeth anali atamuuza kale kuti akangobwereza mfundo zake tsikulo, nkhani itsekedwa ndipo kampani idikira Malichi. Anthu a kampani analowa mmodzimmodzi, nkhope zozolowereka. Womaliza kulowa anali wa tayi yabuluu ndi imvi zoyamba kumene.

Maondo a Atuweni anapinda okha. Asanaganize chilichonse anali atanyonyomala pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, mmene analeredwera. Elizabeth anaona. Aliyense anaona.

Mkulu wa gulu la kampani anafotokoza kuti bambo Thombozi ndi mlangizi wodziimira payekha, amene makampani amamulemba kuti aziwathandiza kulankhulana ndi maofesi a boma, ndipo wakhala akuwathandiza pa nkhani ya paipiyi kuyambira chaka chatha, kungoti lero ndi koyamba kubwera yekha.

Misonkhano yotere imayamba ndi funso limodzi la mwambo: kodi alipo amene ali pa ubale kapena ubwenzi ndi wina wa mbali inayo? Ndi funso lomwe anthu amayankha akuthira shuga mu khofi. Elizabeth analifunsa. A Thombozi anakweza dzanja.

"Ine ndimakonda kuchita zinthu poyera," anatero m'Chingerezi chawo chosalala. "Ine ndi Atuweni timadziwana, ndipo si kudziwana wamba. Mwezi wathawu ndinaima ngati nkhoswe wake. Kwathu nkhoswe ndi woposa mnzako, mwinanso woposa amalume a magazi. Banja lake lili m'manja mwanga. Akadzasemphana ndi mwamuna wake, woweruza ndine. Ndimaganiza kuti mwina anakuuzani kale, koma ndati ndinene kuti pasadzakhale zokayikitsa."

Elizabeth anatembenuka.

"Atu, n'zoona zimenezi?"

"N'zoona. Koma sindinkadziwa kuti amagwira ntchito ndi kampaniyi."

Mmodzi wa akatswiri a kampani, mnyamata wa ndevu zofiirira, anafunsa modabwa zenizeni, osati mwachipongwe. "Pepani, ndingofuna kumvetsa. Munthu amene wanyamula banja lanu, simudziwa ntchito imene amagwira?"

Atuweni anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Akanati chiyani? Kuti kwathu ku Leicester timadya limodzi, timaikana m'manda, timakwatitsana, koma sitifunsana ntchito? M'Chichewa zimamveka. M'Chingerezi, m'chipinda cha makapeti, pamaso pa anthu olemba chilichonse, zimamveka ngati bodza la mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa. Anatseka pakamwa. Elizabeth anamupempha mofatsa kuti ayambe watuluka.

Atuweni anakhala pa benchi ya m'khonde, mapepala ake ali pamiyendo, akumva mawu a nkhoswe wake kuseri kwa chitseko, ofatsa ngati akutsogolera pemphero.

Madzulo ake Elizabeth anamuitana. "Ine ndikukukhulupirira," anatero. "Koma taganiza. Tikakana pempho lawo, kampani idzati munayambana kubanja. Tikavomera, oteteza chilengedwe adzati unamvera amalume ako. Njira iliyonse dzina lako laipitsa nkhaniyi. Ndiyenera kukuchotsapo, ndipo zonse unalemba tiziika pambali. Ayambirenso wina."

Wina wakeyo anali Dylan, mnyamata wabwinobwino amene anali atangoyamba kumene ntchito, wodziwa kwambiri za mbalame, komanso wosenza kale nkhani zambiri kuposa msinkhu wake. Atuweni analetsedwa ngakhale kumunong'oneza. Anamuchotsanso pa nkhani za makampani onse omwe a Thombozi ankawalangiza, ndipo apa m'pamene anadziwira kuti nkhoswe wake anali ndi dzanja pafupifupi paliponse m'nyanja imeneyo. Anamupatsa ntchito yosanja zotsatira zakale za kafukufuku wa matope a pansi pa nyanja. Malipiro sanasinthe, desiki sinasinthe, anzake ankamupatsabe moni. Chomwe chinatha n'chakuti panalibenso womufunsa maganizo.

Mu Okutobala chilolezo chinatuluka. Kampani ikhoza kudula paipi mu Novembala, bola makina aziyamba pang'onopang'ono, ndipo pa sitimapo pakhale munthu woyang'ana akatumbu ndi magalasi oonera kutali. Atuweni anachiwerenga pa intaneti ngati munthu wina aliyense.

Lamulungu lotsatira Atuweni anawadikirira a Thombozi poimika magalimoto, mapemphero atatha. Kunkawomba kamphepo kozizira. Iwo atamuona anamwetulira n'kutambasula dzanja, koma iye manja ake anali m'matumba a jekete.

"Ankolo, munadziwa liti kuti nkhani ya paipi ili m'manja mwanga?"

"Mwana wanga, pano ndi pa tchalitchi."

"Munadziwa tsiku lomwe Anti anapereka umboni. Kenako munabwera ndi mpunga."

A Thombozi anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu. "Ukanakonda ndibise pa miting'i paja? Zikanadzatulukira patsogolo, bwenzi pano ulibe ntchito. Ndinaulula poyera kuti ndikuteteze. Utatuluka ndinalankhula zabwino zokhazokha za iwe, kawafunse abwana ako."

"Ndikanakonda munene ku Braunstone, musanadye nkhuku."

"Palibe anandifunsa."

Ananena mosaphethira, ndipo chowawa n'chakuti sananame. Atuweni sanayambe wadanapo ndi munthu mmene anadanirana ndi bamboyu nthawi imeneyo, ndipo chidanicho chinamuopsa iye mwini.

"Tamvera," anapitiriza a Thombozi, akutsegula chitseko cha galimoto. "Dziko lino lili ndi eni ake. Gasi ndi wawo, nyanja ndi yawo, akatumbuwo ndi awo. Iwe ndi ine tinabwera kudzagwira ntchito. Usadzipweteke mtima chifukwa cha nyama za azungu. Ukwati uli pafupi, uziganiza za diresi. Upereke moni kwa anti ako."

Kunyumba Atuweni ananena mawu amodzi: sadzalowa m'tchalitchi bamboyo ali nkhoswe wake. Mayi Marjorie anakhala pansi, nsapato za kuntchito zili kumapazi.

"Iwe, unkhoswe savula ngati jekete. Anadya nkhuku pamaso pa anthu. Amalume ako anawapatsa mawu. Tikawachotsa tiwauza chiyani abusa? Tinena kuti chifukwa cha akatumbu?"

"Munene kuti anatigwiritsa ntchito."

"Anthu adzati ndife osayamika. Adzati tinalibe munthu, iwo anatitola, lero tikuwalavulira." Kenako anati, "Kapena ukufuna kunena kuti wolakwa ndine, ndi pakamwa pangapa."

Atatero mayi Marjorie anapita kukalira kubafa atatsegula mpopi. Jeremy naye sanathandize. Ankafika atatopa ndi mashifiti, maso ali psu, n'kumvetsera nkhani yomweyomweyo. "Ndikumva, Atu, anakulakwira. Koma ntchito ulipobe, malipiro akubwera. Tingoyenera kuwapirira tsiku limodzi la ukwati basi." Atuweni ankamuyang'ana n'kumadzifunsa ngati mwamunayu ankadziwa kuti nkhoswe si wa tsiku limodzi.

Kumayambiriro kwa Disembala anamukakamiza Jeremy kuti amuperekeze ku Lincolnshire. Ananyamuka m'mawa, anadutsa minda yafulati ya kabichi yosatha, n'kufika pagombe dzuwa lili lobisika m'mitambo. Kunali mpanda wamatabwa wotchinga anthu kuti asayandikire nyama. Kuseri kwake, pamchenga ponse, kunali akatumbu, amayi atagona chammbali, ana a ubweya woyera akuyamwa. Patali pang'ono m'madzi panaima sitima yaikulu yachikasu, ndipo kugunda kwa makina ake kunkamveka m'mapazi kuposa m'makutu.

Atuweni anayenda motsatira mpanda kulowera kumene kunali sitimako. Akatumbu aakulu ankacheperachepera. Kumapeto kwenikweni kunali ana okhaokha, omwazikana, ena akukwawira anzawo kufuna bere, ena atangogona, khungu litakwinyika m'khosi. Kulira kwawo kunali ngati kwa makanda a anthu. Jeremy, yemwe amaona odwala tsiku lililonse, anatembenuza nkhope.

Panali mayi wina wachikulire wovala jekete lowala, mmodzi wa anthu ongodzipereka kuyang'anira malowo. Atuweni anamufunsa kuti amayi a ana awa anachoka liti.

"Sabata imene sitimayo inayamba," anayankha mayiyo. "Koma sabata yomweyo kunalinso chimphepo. Zaka zina chimphepo chokha chimachita zimenezi. Tikalemba lipoti adzati ndi chimphepo, ndipo ndani angatsutse? Akuti ku boma kunali mtsikana wina amene ankakana, koma anamusuntha."

Atuweni anagwira thabwa la mpanda. Kukhudza ana aja kunali koletsedwa. Kulemba chilichonse za nkhaniyi kunali koletsedwa kwa iye yekha m'dziko lonse la England. Anaima pomwepo mpaka zala zinachita dzanzi, kenako anabwerera ku galimoto.

Ali m'njira anavula mphete ya chinkhoswe n'kuiika m'kabowo koikamo makapu, pakati pa mipando.

"Bamboyo akakhalapo, ine palibe. Usandifunsenso."

Jeremy anayendetsa galimoto mpaka ku Braunstone. Sanali munthu woipa. Ankamukonda Atuweni, ndipo mphete ija inamuopsa kwambiri. Ndiye anachita zomwe mwamuna woleredwa bwino amachita zinthu zikafika povuta: sanakalipe, sanathamangire kwa anzake, anaimbira nkhoswe wake. Nkhoswe wa kuchimuna naye anatsata mwambo bwinobwino, anaimbira mnzake wa kuchikazi.

Loweruka masana Atuweni akutsika masitepe anapeza anti ake atayala nsalu yoyera patebulo, atatulutsa makapu a alendo aja osagwiritsidwa ntchito. Kukhitchini kunkanunkhira nkhuku. Jeremy anali pakona, atavala shati ya kolala, maso ali pansi, ndipo pambali pake panali nkhoswe wake.

"Kukubwera ndani, Anti?"

Mayi Marjorie sanamuyang'ane. "Kavale chitenje."

Panja panamveka chitseko cha galimoto. A Thombozi anapukuta nsapato pa chopondera mosamala, anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri, n'kukhala pa mpando waukulu umene mayi Marjorie anawalozera. Anati nkhani ikambidwa anthu atadya. Mayi Marjorie anabweretsa beseni ndi jagi ya madzi ofunda, n'kumupatsira Atuweni m'manja, chifukwa wosambitsa nkhoswe m'manja ndi mwana wake.

A Thombozi anapinda manja a shati, n'kumuyang'ana ndi nkhope yachifundo.

"Mwana wanga, ndamva kuti pali chimene chakukhumudwitsa. Usaope, undiuza zonse. Paja ndinalonjeza pamaso pa anthu kuti ukalira, ndimva ndine."

Atuweni anayandikira ndi beseni lija. Anti ake anamukoka chitenje kumbuyo kuti agwade. Jeremy anatsokomola. Maondo aja, omwe anapinda okha mu Sepitembala, ulendo uno anakana. Anathira madziwo ali chiimire, kuchokera pamwamba, mpaka ena anadonthera pa thalauza la bamboyo. Kenako anaika beseni patebulo, pa nsalu yoyera ija, anatenga jekete lake n'kutuluka.

Nkhaniyi inafika ku Nottingham dzuwa lisanalowe, ndipo Lamulungu lake inali itazungulira mpingo wonse. Paipi anaidula, sitima inapita, a Thombozi anasankhidwanso kukhala mkulu wa mpingo. Za akatumbu palibe wa ife anafunsapo. Chomwe timakamba mpaka lero, tikakumana ku maliro kapena ku sitolo ya Afirika, n'chakuti mwana wa mayi Marjorie sukulu inamuwononga, anasambitsa nkhoswe wake m'manja ali chiimire.